Njovu Imene Adadi Sanaione

Gulu: ulendo wa adadi @70 🎂
Amayi, Sisi, Mzime

LACHISANU

16:02 Mzime: tafika. network ili malo amodzi okha, pansi pa thanki ya madzi kuseri kwa kitchen. panopa ndaima pa ndowa

16:02 Mzime: nde mukaona ndili zii musayambe kulira

16:03 Sisi: maola 6 osayankha foni iwe!! adadi ali bwanj

16:04 Mzime: ali bho. njira yonse ndinali ku driving school. "wachedwa kusintha giya." "kilatchi si popumitsira phazi." munthu wa zaka 31 ine

16:04 Mzime: "zaka 36 ndikuyendetsa basi sindinagundepo ngakhale nkhuku" ndaimva ka 9. ndimawerenga

16:05 Sisi: kkkkk dikira. anakupatsa chiwongolero? cha galimoto YAWO?

16:05 Mzime: okha, kunyumba pa geti pomwe. akut birthday boy sayendetsa. koma titangoima alanda kiyi, ali mthumba la malaya atseka ndi batani

16:07 Mzime: malo ake ndi dilu sis. tenti koma muli bedi lenileni, makapeti, shawa ya ndowa yopachika mmwamba. mpanda kulibe. akut mvuu zimadya udzu pakhomo penipeni

16:07 Mzime: malamulo awiri. tseka zipi chifukwa anyani amalowa. usayende wekha osayang'ana kaye mbali zonse

16:11 Amayi: Tithokoze Mulungu mwafika bwino. Kuchoka ku tenti kupita kodyera kuli masitepe?

16:12 Mzime: atatu mami

16:12 Amayi: Uziwauza kuti atatu. Ndipo uziyenda patsogolo pawo.

16:13 Mzime: mami si khanda awa

16:13 Sisi: asiye, akusowa chibwenzi chawo kkk. chaka chonse sanasiyanepo. ngakhale pokasiya ana anga ku school mmawa amakhala awiri kutsogolo ngat akwatirana dzulo

16:15 Amayi: Chikhala kuti si chikhakha chili pamwendochi ndikanakhala komweko. Ndinanena ine kuti ulendowu udikire ndichire.

16:15 Sisi: booking sisuntha mami. akasangalale, munthu wagwira ntchito moyo wonse osaonapo njovu

16:16 Amayi: Usawasiye okha.

16:17 Mzime: mwanena kale. ndapita, wophika akufuna ndowa yake

LOWERUKA

10:21 Mzime: tabwerako ku game drive. tinadzuka 5. mbidzi, njiri, njati gulu lonse, akadyansonga awiri. mkango watikana

10:22 Mzime: adadi anakhala kutsogolo ndi guide. asanathe 1 km amuuza kut giya yachitatu ikulira, akaonetse. guide akut zoona madala, mwadziwa bwanj. pano ndi mabwenzi

10:23 Sisi: 😂 ma pic

10:23 Mzime: sakupita, network ndi ya mawu okha

10:26 Mzime: sis

10:26 Mzime: pali kanthu kakundisowetsa mtendere koma mwina ndine

10:27 Sisi: ndili pa ward. lemba msanga

10:29 Mzime: guide akaona nyama saloza ndi chala, amatchula ngat wotchi. 12 koloko ndi kutsogolo, 3 ndi kumanja, 9 kumanzere. nde anati njovu pa 2 koloko. adadi cheu kumanja, "eee koma zazikulu"

10:30 Mzime: kenako guide anati sorry ndalakwitsa, ndimati 10 koloko

10:30 Mzime: ku 2 koloko kunalibe kanthu sis. mitengo yokhayokha

10:32 Sisi: amangomusangalatsa guide yo. ukuwadziwa

10:33 Mzime: ndinaganiza choncho. koma binoculars anabweza osayesa nkomwe, akut zimawapweteka mutu. ndipo pothira tiyi amapisa chala mkapu kut amve ngat yadzaza

10:33 Mzime: anayamba liti zimenezi

10:35 Sisi: magalasi atha mphamvu basi. tikawasinthira. mami magalasi a adadi ndi a liti?

10:52 Sisi: mami?

11:20 Sisi: ma tick ndi a blue mami, mukuwerenga

13:04 Mzime: tadya. agona mtenti, kunja kukutentha koopsa. ine ndathawira pa ndowa yanga

13:05 Sisi: mami sakuyankha ngakhale call. ndidutsako ndikaweruka

13:05 Mzime: mwina mwendo ukuwawa. kaya ndangokokomeza, ndiiwale?

13:06 Sisi: yesa kuwaonetsa kanthu patali uone

13:06 Mzime: ngat chani, ndiwafunse kut zala zingati? andimenya

13:07 Mzime: dikira

13:07 Sisi: chani

13:09 Sisi: iwe

13:16 Sisi: 📞 sanayankhe

13:17 Sisi: 📞 sanayankhe

13:25 Amayi: Chachitika nchiyani?

13:26 Amayi: Mwanangu yankha.

13:48 Mzime: 🎤 voice note 1:04
Mami, sis, ali bwino, ndiyambire pamenepo, ali bwino. Koma izi sizolemba. Ine ndili pa ndowa ndikucheza nanu, ndangoona wophika watuluka, waima njii, akundikodola ndi dzanja kuti ndisapange phokoso. Kuyang'ana kunjira ya kumatenti, adadi akubwera okha, manja kumbuyo, akuimba kamluzu. Ndiye pambali pa njirayo, pansi pa mtengo, pali njovu. Yamphongo, sis. Yangoima phee ikutola zipatso zakugwa. Adadi akulunjika pomwepo. Guide watulukira kaya kuti, osathamanga, osakuwa, wangoti madala, imani pomwepo, bwererani chafutambuyo pang'onopang'ono, tsatani mawu anga. Adadi akuti chavuta n'chiyani? Njovu yatambasula makutu. Ine ndikungoonerera ndili pa ndowa paja. Mpaka guide wawagwira mkono n'kuwakokera kuseri kwa tenti. Mukudziwa zomwe anena? Akuti ndimayesa ndi thanki ina ya madzi. Mamita asanu, sis. Dzuwa lili paliwombo.

13:50 Sisi: Yesu wanga

13:50 Sisi: ali kuti pano

13:51 Mzime: kodyera, akumwa madzi. akuseka ndi azungu awiri, akut dzuwa linawathobwa mmaso. dzuwa lake linali pamutu, osati kumaso

13:52 Amayi: Ndinati usawasiye okha.

13:52 Mzime: munati. koma simunanene chifukwa

13:53 Sisi: mami masitepe aja

13:53 Sisi: "uziyenda patsogolo"

13:54 Sisi: mukudziwa chani chomwe ife sitikudziwa

14:19 Amayi: 🎤 voice note 1:31
Ana anga, ndakhala ndi foniyi m'manja kuyambira m'mawa, ndikulemba n'kufufuta. Bambo anu maso anayamba kale. Chaka chatha mu Malichi tinapita kwa dokotala wa maso, awiriwiri, osakuuzani. Anati si ng'ala yoti angachotse ayi, vuto lili mkati mwenimweni, ndipo sizibwerera. Pakati amangoona chifunga, m'mbali ndimo amaonako pang'ono. Dokotala anati galimoto asiye tsiku lomwelo. Titatuluka tinakhala m'galimotomo ola lathunthu osaliza. Kenako anati, mayi a ana, ndikasiya ichi ine nditsala ndani? Ndinali ndisanawaonepo akulira chikwatiraneni. Ndiye ndinati tiyeni, ine ndizikuuzani. Basi, ndimawauza. Loboti lafiira, imani. Njinga kumanzere. Munthu akuwoloka. Timayenda pang'onopang'ono, njira yake ndi imodzi yomweyo, kwanu, kusukulu, kunyumba. Sitinakhudzepo kanthu.

14:22 Sisi: ndi ana anga kumbuyo

14:22 Sisi: chaka ndi miyezi. mmawa uliwonse. ANA ANGA mami

14:23 Sisi: ine ndine nurse. mwana wanu ndi nurse. munalephera kundiuza ine??

14:24 Amayi: Ukanawalanda kiyi tsiku lomwelo.

14:24 Sisi: EYA

14:25 Sisi: ife kumaseka kut ndi chikondi

14:27 Amayi: Chinali chikondi.

14:27 Sisi: musandiyankhe choncho plz

14:29 Mzime: sis school atsegula liti

14:29 Sisi: mkucha. Lolemba

14:30 Mzime: nde mami ndi chikhakhacho simungakwere galimoto. plan inali yotani

14:41 Mzime: mami

14:44 Amayi: Anati apita okha. Akuti njira ili m'mutu, mahampu ndi asanu ndi awiri, maloboti aziona mmene galimoto zina zikuchitira. Ndawaletsa sabata yonse. Ndimati mwina ndichira msanga.

14:45 Sisi: iwe. landa kiyi ameneyo lero

14:45 Mzime: ndilande bwanj

14:46 Sisi: sindikudziwa. akavula malaya tenga. ponya mumtsinje, mvuu zimeze

14:47 Mzime: ndipise mthumba mwa bambo anga ngat mbava?

14:47 Sisi: kapena ukufuna ndikawalandire ku casualty ana a eni? chifukwa anga sakweranso, zimenezo zatha. koma mumsewu muja mumadutsa ana a anthu ena

14:49 Amayi: Chonde musawachititse manyazi pamaso pa alendo. Dikirani afike kunyumba tikambirane.

14:49 Sisi: nthawi yokambirana inali Malichi chaka chatha

14:50 Mzime: mukukangana ine ndili pa ndowa dzuwa likundiwotcha. ndikawayese

16:38 Mzime: zavuta

16:38 Sisi: nena

16:40 Mzime: sindinayambe ndine nkomwe. guide anawatengera pambali, ine ndili pomwepo. mwaulemu wake. akut madala ntchito yanga ndi kuona zomwe alendo akuona ndi zomwe sakuona. njovu ija simunaione, ndipo za mmawa zija simunazione. mundiuze kut ndidziwe mokusamalirani

16:41 Mzime: adadi anangoti "mwana iwe unabadwa liti." adzuka, apita ku tenti. pa sitepe yachiwiri anapunthwa, ndinafuna kuwagwira andikankha

16:41 Mzime: atseka zipi mkati. game drive ya madzulo akana

16:42 Sisi: unawauza kut mami anena?

16:44 Mzime: ndinayankhula ndi tenti kwa 30 mins. ndakhala pa kampando panja ngat mlonda. ndinati adadi tikudziwa zonse. zii. ndinati sis akut ana sakweranso. zii

16:44 Mzime: kenako mawu amodzi okha. "mayi ako ndi amene anena?"

16:45 Amayi: Unati chiyani?

16:45 Mzime: ndinati njovu ndi imene yanena

16:46 Mzime: sanaseke

16:50 Amayi: Apatse foni ndiyankhule nawo.

16:51 Mzime: ku tenti kulibe network mami. ndipo kuno sangabwere

16:52 Sisi: kiyi?

16:52 Mzime: agona ndi malaya

18:05 Mzime: atuluka. adya pang'ono. ogwira ntchito anabweretsa keke akuimba, makandulo 7 ndi 0. anazima bwinobwino, anathokoza, mpaka ka speech

18:06 Mzime: titatha kudya andiuza kut mawa pobwerera kunyumba ayendetsa okha. akut aonetse anthu kut sanafe

18:06 Sisi: ayi ayi ayi

18:07 Sisi: maola 6?? msewu waukulu??

18:07 Mzime: ndawauza kut ine sindikwera. akut ukhala konkuno uzidya ndi anyani

18:08 Sisi: uza manager atseke geti

18:08 Mzime: kulibe geti. ndinakuuza, kulibe ngakhale mpanda

18:09 Sisi: chotsa kanthu mu injini

18:09 Mzime: munthu amamva giya ikudwala ali pa mpando wa passenger. ndimupusitse ndi waya?

18:12 Amayi: Bambo anu sakankhidwa. Ukawakankha amalimba. Uzingokhala pafupi.

18:13 Sisi: kukhala pafupi kwanuko ndi kumene kwatifikitsa pano

18:20 Mzime: mlonda wabwera kudzatiperekeza ku tenti, kukada salola kuyenda tokha. mawa

18:21 Sisi: undilembere ukangodzuka

18:40 Amayi: Sisi mwanangu, ndabwera nawe kutali. Ndiimbire.

19:15 Amayi: Ngakhale undikalipire, koma imba.

LAMULUNGU

06:10 Sisi: mwadzuka?

07:02 Sisi: iwe

07:45 Sisi: sindinagone ine. yankha

08:31 Mzime: pepa. anadzuka 5, ameta ndevu, avala tayi. TAYI sis. mtchire muno

08:32 Mzime: zikwama apakira okha. ayendera galimoto yonse, matayala akuwamenya ndi phazi, oil ayeza ndi chala. ngat akunyamuka pa depot

08:32 Sisi: kiyi ali ndi ndani

08:33 Mzime: ukufunsanso

08:34 Mzime: car park ili pafupi ndi thanki nde ndikutha kulemba. ndikuwaona apa

08:36 Mzime: akhala ku chiwongolero

08:36 Sisi: ima kutsogolo kwa galimoto

08:37 Mzime: munthu sanaone njovu sis

08:37 Sisi: USAIME

08:37 Sisi: usaime usaime

08:38 Mzime: ndili pambali. chikwama changa ndatsitsa, chili pansi. ndawauza kut sindikwera

08:39 Mzime: guide waima patali ndi wophika, akunamizira kupukuta galimoto yawo

08:40 Mzime: akonza magalasi a mmbali. onse awiri. amanga lamba

08:41 Mzime: aliza

08:41 Amayi: Ambuye.

08:41 Sisi: tsegula chitseko uzimitse!!

08:42 Mzime: akhoma mkati

08:42 Sisi: 📞 sanayankhe

08:43 Mzime: usaimbe ndikufuna ndizimva

08:44 Mzime: giya yalowa. ndaimva

08:44 Sisi: nde??

08:46 Mzime: sakusuntha

08:49 Mzime: injini ikungolira. manja onse pa chiwongolero, akuyang'ana kutsogolo

08:50 Sisi: akutani

08:50 Mzime: kaya. makani mwina. akudikira ndigonje ndikwere

08:53 Amayi: Si makani.

08:55 Mzime: 10 mins tsopano

08:58 Mzime: atsitsa windo. akundiitana

08:58 Sisi: usakwere

08:59 Sisi: wamva? usakwere

09:06 Sisi: iwe

09:14 Sisi: 📞 sanayankhe

09:15 Sisi: mami akuyankhani inu?

09:15 Amayi: Ayi.

09:22 Sisi: ndikupenga ine pano

09:31 Mzime: 🎤 voice note 1:47
Ndine bambo wako. Foniyi ndi ya mlongo wako, akuti ndingoyankhula imva yokha. Ndinaliza injini, ndaponda kilatchi, giya yalowa bwinobwino ngati kale. Ndiye ndinadikira. Uyu amayesa ndikuchita makani. Ayi. Ndimadikira mayi ako anene kuti tiyeni, kulibe kanthu. Ndakhala, ndakhala, mpando wawo uli phee. Kutsogolo kuli mbuu. Ndamuitana uyu, ndati njira yotulukira ili kuti? Akuti adadi, ili patsogolo panu pomwepa. Basi, ndazimitsa. Mayi ako usawakalipire, ndinawakakamiza ndine. Ana ako ndinawaika pangozi, ndikudziwa, ndipo pepani wanga ndi wochepa. Kiyi ali ndi mlongo wako. Asandibwezere, ngakhale nditamuopseza bwanji, chifukwa ndidzamuopseza. Chinthu chimodzi chokha ndikupemphe. Mwezi watha kamtsikana kako kanabwera kudzandionetsa pomwe pachoka dzino. Ndinati eee, chibowo chachikulu. Sindinaone kanthu, mwanangu. Tikafika ubwere nawo onse awiri. Uwauze aziima pafupi kwambiri, chakumbali. Kumbali ndimaonako.

09:33 Mzime: tikunyamuka. network ithera pompano

09:34 Amayi: Muyende bwino.

09:58 Sisi: yendetsa bwino iwe

10:40 Sisi: kumbali kwake kuti, kumanja kapena kumanzere

10:52 Sisi: message sinamufike, network yathadi

11:07 Sisi: mami

11:07 Amayi: Kumanzere, mwanangu.